Mkaka wa Lachisanu ndi fungo la toluene

Lachisanu lililonse, nthawi yoweruka ikayandikira, bwana wa kumene ndimagwira ntchito ku Booysens amatuma mnyamata kukagula mkaka, ndipo aliyense wa ife amene timagwira penti ndi guluu amalandira lita imodzi. Mwambo umenewu ndinaupeza pamene ndinkayamba ntchito yokuta masofa ndi kupopera mipando zaka 6 zapitazo, ndipo sindinafunse chifukwa chake, poti munthu amene wangofika kumene ku Joni safunsa zambiri akapatsidwa chinthu chaulere. Chifukwacho ndinachimva tsiku limene mkulu wina wa ku Mangochi, amene tonse timangomutchula kuti Amalume, anandiona ndikulowetsa mkakawo m'chikwama kuti ndikathire mu tiyi kunyumba ku Rosettenville. "Mphwanga, umenewo si wa tiyi ayi," anatero. "Imwa pompano utsuke m'chifuwa, apo ayi thinners adzakudya m'kati." Ndinamwa, chifukwa Amalume anali atagwira ntchitoyi zaka zoposa 20, pamene ine ndinali ndisanathe ngakhale mwezi.

Panapita nthawi ndithu ndisanadzifunse kuti chimene tikutsukacho n'chiyani kwenikweni. Pakati pathu, madzi alionse onunkha amene amasungunula penti timawatcha thinners, ngati kuti ndi chinthu chimodzi, chonsecho ndi chisakanizo cha mankhwala angapo chimene chimasiyana malinga ndi amene wachipanga. Tsiku lina, ndikudikira kuti vanishi aume, ndinawerenga pepala lomatidwa pa dilamu, ndipo dzina loyamba pamndandanda linali toluene. Nditakayang'ana pa chitini cha guluu wachikasu uja timamatira siponji ku thabwa, ndinalipezanso pomwepo. Linandikumbutsa aphunzitsi athu a Physical Science ku sekondale kwathu ku Ntcheu, amene anatijambulirapo pabolodi kachithunzi ka ngodya 6, ife n'kukopera m'makope mosalabadira.

Pomuyang'ana, toluene ali ngati madzi a pampopi, koma ndi madzi sagwirizana. Ukamuthira m'madzi amayandama pamwamba, ndipo lita yathunthu ya madzi imangolandira pafupifupi theka la galamu. Ndi wopepukirapo, popeza lita imodzi imalemera magalamu 870, kotero kuti chigubu cha malita 20 chimene chikanalemera makilogalamu 20 chikanakhala cha madzi, chimangopitirira pang'ono makilogalamu 17. Zimene amagwirizana nazo ndi mafuta, utomoni, phula ndi labala, ndipo apa ndi pamene pagona phindu lake kwa ife. Mu guluu ntchito yake ndi ya mtengatenga: amasungunula labala kuti atheke kupakidwa ndi bulashi, ndipo akamufikitsa pa thabwa, iye amauluka n'kusiya labalayo. N'chifukwa chake timapaka mbali zonse ziwiri, n'kudikira mpaka guluuyo atasiya kumata chala, kenako n'kuphatikiza. Mphindi zodikira zimenezo ndi nthawi imene toluene akuchoka pa thabwa kulowa mumpweya wa m'chipindamo. Nditazindikira zimenezi ndinaima kanthawi ndi bulashi m'manja, chifukwa zikutanthauza kuti gawo lalikulu la zimene zili m'chitinimo silikhala pa sofa amene tagulitsa, koma limatsala nafe.

Khalidwe lomweli losungunula mafuta ndi limene limawononga khungu. Ambiri mwa ife poweruka timasamba m'manja ndi thinners chifukwa amachotsa penti mofulumira kuposa sopo aliyense. Amazizira bwino pakhungu, kenako manja amatuwa ngati wagwira ufa, chifukwa mafuta achibadwa a khungulo asungunuka. Zala za Amalume zili ndi ming'alu ngati nthaka ya kudambo mu Okutobala, ndipo iwo amati ndi ukalamba.

Kachithunzi ka ngodya 6 kaja ndi nkhata ya maatomu 6 a kaboni ogwirana, ndipo ngati aliyense wa iwo wanyamula atomu imodzi ya haidirojeni, chinthucho ndi benzene. Michael Faraday ndiye anayamba kumupatula ku London mu 1825, ndipo August Kekulé anafotokoza mu 1865 kuti maatomuwo anapanga nkhata. Toluene ndi nkhata yomweyo, kungoti pa ngodya imodzi, pamene panayenera kukhala haidirojeni, pamera kanthambi ka kaboni mmodzi ndi mahaidirojeni atatu, kamene akatswiri amakatcha methyl. Onse pamodzi ndi makaboni 7 ndi mahaidirojeni 8. Kusiyana kwa awiriwa ndi kanthambi komweko basi, koma kamasintha zinthu modabwitsa. Benzene, pokhala wofanana mbali zonse, amasanjikizana bwino ngati mbale za mtundu umodzi, motero amaundana pa madigiri 5.5, ndipo akanatha kuuma gwa m'dilamu m'mawa wina wa Julayi kuno ku Johannesburg. Toluene kanthambi kaja kamamulepheretsa kusanjika, ndiye amakhalabe wamadzi mpaka madigiri 95 kunsi kwa ziro. Benzene amawira pa madigiri 80, toluene pa 111, ngakhale kuti kuno kumtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, onse amawira msanga pang'ono, monga mmene madzi a mu ketulo amawirira pafupifupi pa madigiri 94. Ndichenjezeko apa kuti botolo lija limagulitsidwa m'masitolo a kuno lolembedwa kuti benzine, lochotsera madontho pa zovala, ndi chinthu china chochokera ku mafuta a galimoto, ndipo kufanana kwa mayinaku kwasokoneza anthu ambiri.

Dzina la toluene linachokera kutali. Mu 1837 katswiri wa ku Poland, Filip Walter, anamupeza potcheza utomoni wa paini. Mu 1841 Mfalansa wina, Henri Sainte-Claire Deville, anamupezanso mu utomoni wonunkhira wa mtengo wina wa ku South America, umene unkatchedwa ndi dzina la doko la Tolú ku Colombia, ndipo dzina la dokolo ndi limene linakakamira. Gulu lonse la mankhwala a nkhatawa limatchedwa aromatic chifukwa oyamba kudziwika anachokera ku utomoni wonunkhira wotere, ngakhale kuti lero mawuwo amanena za kapangidwe ka nkhatayo, osati fungo.

M'mawa wina wa Julayi chaka chatha kunazizira kwambiri moti udzu wa m'mbali mwa msewu unali woyera ndi chisanu. Mnyamata wa ku Mulanje amene anali atangoyamba kumene ntchito anabwera ndi hita yaing'ono, ya mtundu uja waya wake umafiira psuu, n'kuyiika pansi pakhomo pa chipinda chopoperamo kuti aziotha akutsuka mfuti ya penti. Amalume, amene sindinawaonepo akuthamanga, anadumpha matabwa n'kukazimitsa magetsi onse pa bokosi la panja, osakhudza n'komwe pulagi ya hitayo. Atabwerera anamuyang'ana mnyamatayo kwa nthawi yaitali. "Iwe mwana iwe, ukufuna tonse tibwerere kumudzi m'mabokosi? Ndani atisonkhere?" Mnyamatayo anati amaganiza kuti kukazizira chotere thinners sangayake. Anali kulakwitsa, chifukwa toluene amayamba kutulutsa nthunzi yokwanira kuyaka pa madigiri 4 okha. Nthunziyo ndi yolemera kuposa mpweya pafupifupi katatu, motero siikwera kudenga monga utsi, koma imakwawa pansi, kutsata makona ndi ngalande, ndipo imatha kukapeza moto uli patali n'kubwerera nawo ku chitini. Imayaka ikangofika gawo limodzi pa magawo 100 a mpweya, ndipo waya wofiira wa hita ndi wotentha kupitirira madigiri 480 amene toluene amayakira yekha. Amalume manambalawa sawadziwa, koma ankadziwa kuti kuzula pulagi kumathetheka.

Palinso ngozi ina imene nyengo yozizira ya kuno imakulitsa. Mpweya umauma kwambiri moti ukagwira chitseko cha galimoto umamva kulasa kwa magetsi pa chala. Toluene sadutsitsa magetsi, choncho akamathiridwa mothamanga kuchoka mu dilamu kudzera mu fanulo ya pulasitiki, magetsi otere amaunjikana, ndipo kuthetheka kumodzi n'kokwanira. M'mafakitale akuluakulu amalumikiza dilamu ndi chotengera ndi waya wopita m'nthaka asanayambe kuthira. Kwathu waya woteroyo tinamumanga tokha.

Ife timamuona toluene m'zitini, koma wochuluka wa padziko lapansi safika m'chitini n'komwe, amakhala mu petulo. Kale ankachokera ku phula wa malasha a miyala, m'ng'anjo zokonzera malasha osungunulira chitsulo. Lero amachokera makamaka m'malo oyengera mafuta, monga Natref ku Sasolburg, kumene gawo lina la mafuta osayenga amalidutsitsa pa platinum pa kutentha kwakukulu, ndipo maatomu amene anali pamzere amapindika n'kupanga nkhata. Pamatuluka benzene, toluene ndi xylene, atatu amene amalonda amawatchulira pamodzi kuti BTX. Amafunika mu petulo chifukwa sapsa nthawi isanakwane injini ikawapanikiza. Manambala 93 ndi 95 amene timawaona pamapampu a ku Gauteng amayeza khalidwe limeneli, ndipo toluene payekha amafika pafupifupi 120. M'zaka za m'ma 1980 injini za Honda za mpikisano wa Formula 1 zinkayendera mafuta amene magawo oposa 80 pa 100 anali toluene.

Amene amapatulidwa payekha, wambiri amathera m'mafakitale osintha mankhwala, ndipo chondiseketsa n'chakuti ntchito yaikulu kumeneko ndi kumudula kanthambi kaja kuti abwerere kukhala benzene, amene ali ndi msika waukulu wa mapulasitiki ndi nayiloni. Njira ina ndi yosamutsa kanthambiko kuchoka pa nkhata imodzi kupita pa inzake, kuti imodzi ikhale benzene, inayo ikhale ndi tinthambi tiwiri, imene ndi xylene. Kuchokera ku mtundu umodzi wa xylene kumabwera pulasitiki wa mabotolo a zakumwa ndi ulusi wa polyester, womwe uli mu nsalu zambiri zimene timakutira masofa.

Chilembo chomaliza mu TNT, mankhwala aja ophulitsira mabomba, chikuimira toluene. Julius Wilbrand anapanga TNT ku Germany mu 1863 pomangirira timagulu titatu ta maatomu totchedwa nitro pa nkhata ya toluene, ndipo poyamba ankagwira ntchito ngati utoto wachikasu, chifukwa ndi wovuta kuphulitsa moti anthu sanazindikire msanga mphamvu yake. Asilikali a Germany anayamba kumuika m'mabomba mu 1902, popeza amasungunuka pa madigiri 80 ndipo amatha kuthiridwa ngati phala popanda kuphulika. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, amayi amene ankadzaza mabomba ku Britain khungu lawo linkasanduka lachikasu. Ndinkaganiza kuti ndi TNT amene agogo anga ankaphwanyira miyala pamene anabwera kumigodi ndi Wenela, koma migodi ya kuno inkadalira dynamite, wochokera ku nitroglycerine, amene fakitale ya ku Modderfontein inayamba kupanga mu 1896.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi siponji. Akamangirira timagulu tiwiri ta nitro m'malo mwa titatu, n'kupitiriza kusintha, amapeza mankhwala otchedwa TDI, ndipo akawasakaniza ndi mankhwala ena amafufuma ngati mkate n'kukhala siponji wa matiresi ndi masofa. Pulasitiki wa mtundu umenewu, wotchedwa polyurethane, anatulukiridwa ndi Otto Bayer ndi anzake ku Germany mu 1937. Choncho pa sofa mmodzi amene ndimapanga, siponji, nsalu, guluu ndi vanishi wa pamiyendo, zonse zili pachibale ndi madzi omwe aja a mu dilamu. Mu siponji wakupsa mulibenso toluene woti n'kuuluka, popeza anamangika kale m'thupi la pulasitikiyo, koma siponjiyo akagwira moto utsi wake ndi wakupha. Ngakhale saccharin, wotsekemera uja amagwiritsa ntchito odwala shuga, Constantin Fahlberg anamutulukira mu 1879 ku yunivesite ya Johns Hopkins akufufuza mankhwala ochokera ku toluene.

Tsopano ndibwerere ku mkaka. M'fakitale, akamuwombera toluene ndi mpweya pali chothandizira cha cobalt, kanthambi kaja kamasintha, ndipo amasanduka benzoic acid, kholo la sodium benzoate amene timamuwerenga pa mabotolo a zakumwa kuti ndi woteteza kuti zisaonongeke. Chiwindi cha munthu chimayenda njira yomweyo. Toluene akalowa m'mapapo amapita m'magazi, ndipo chiwindi chimamugwira pa kanthambi kaja monga mmene timagwirira mpoto pa chigwiriro, n'kumusintha kukhala benzoic acid, kenako hippuric acid amene amatuluka ndi mkodzo. Dzina lomalizali linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza hatchi, chifukwa Justus von Liebig anamufufuza mu mkodzo wa mahatchi mu 1829. Benzene alibe chigwiriro, ndiye chiwindi chimakakamizika kulimbana ndi nkhata yeniyeniyo, ndipo zimene zimatuluka pamenepo zimakafika m'mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira, n'kuyambitsa khansa ya m'magazi. Dokotala wa ku Turkey, Muzaffer Aksoy, anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1970 pakati pa osoka nsapato a ku Istanbul amene ankagwiritsa ntchito guluu wa benzene. Umboni wotere ndi umene unachititsa kuti benzene achotsedwe mu guluu ndi penti, toluene n'kulowa m'malo mwake.

Pa ulendo wonsewu, kuchoka m'mapapo kupita m'magazi, chiwindi ndi impso, mkaka sukumana naye paliponse. Mkaka umatsikira m'mimba, nthunzi imalowera m'mapapo, ndipo pofika Lachisanu madzulo zimene unapuma Lolemba zinadutsa kale m'magazi. Chakumwa chimene chimakhudzadi nkhaniyi ndi mowa, ndipo chimaikhudza moipa, chifukwa mowa ndi toluene amalimbirana njira imodzi m'chiwindi, kotero kuti amene wamwa amachedwa kumutulutsa. Sindikhulupirira kuti bwana wathu amagula mkakawo mwachinyengo. Iyenso anaupeza mwambowu kwa amene anamuphunzitsa ntchito. Koma lita 7 za mkaka ndi zotchipa kuposa fani yokoka mpweya, ndipo mwambo umene uli wotchipa suchedwa kupeza oukhulupirira.

Mawu akuti toluene ndi wabwinoko kuposa benzene ndi oona, koma m'makutu mwathu anafika ngati akuti alibe vuto. Popeza amakonda mafuta, amathamangira ku ubongo, umene uli ndi mafuta ambiri. Mutu umawawa, umamva chizungulire, umaseka zosaseketsa, manja amachedwa kumvera, ndipo munthu wotero ndi amene akugwira sowo yamagetsi. Mphuno imamumva msanga ngakhale ali wochepa, koma imatopa, moti pofika 10 koloko m'mawa timati fungo latha, pamene mlendo amene walowa kumene akutsinzina ndi kutsokomola. Aliyense amene wadutsapo pafupi ndi Joubert Park anaonapo anyamata atagwira kabotolo ka guluu kukamwa, maso ali tuu, akuyenda ngati pansi pakugwedezeka. Chimene akukoka ndi chomwecho chili m'chitini changa, kungosiyana kuchuluka. Kwa iwo, zaka zikamapita, ubongo umaonongeka osabwereranso, impso zimafooka, ndipo ena mtima umangoima mwadzidzidzi. Kwa mayi woyembekezera amene amakoka kwambiri, mwana amatha kubadwa ndi mavuto, ndipo ndimawaganizira alongo athu amene amapaka anthu zikhadabo m'masaluni opanda mawindo, popeza utoto wina wa zikhadabo ulinso ndi toluene.

Vuto limene sindinkaliyembekezera ndi la makutu. Toluene amawononga timinofu ta m'kati mwa khutu, ndipo akaphatikizana ndi phokoso chiwonongekocho chimakula kuposa cha phokoso lokha. Malo athu ali ndi kompuresa imene imalira tsiku lonse, sowo, ndi mfuti ya misomali. Amalume masiku ano amatembenuza mutu kuti akumvetsere ndi khutu lakumanzere, ndipo foni ikalira m'thumba mwawo ndife timawauza.

Kuchuluka koyenera mumpweya ngakhale akatswiri sagwirizana. Ku America lamulo la boma limalola magawo 200 pa miliyoni kwa maola 8, pamene bungwe la akatswiri la ACGIH la komweko limati 20. Ku European Union saloleza kugulitsa kwa anthu wamba guluu kapena penti wopopera amene toluene wake wafika 0.1 pa 100. Kuno ku South Africa, Occupational Health and Safety Act ya 1993 ndi malamulo a mankhwala oopsa a 2021 amafuna kuti wolemba ntchito akhale ndi pepala lofotokoza za mankhwala alionse amene amagwiritsa ntchito, aphunzitse antchito ake, ndi kupereka zodzitetezera popanda kudula pa malipiro. Pepalalo lili ndi zigawo 16 ndipo limanena zonse ndalemba pano za moto ndi thupi. Koma thinners wotchipa amabwera m'zigubu zopanda chizindikiro chilichonse, ndipo Mmalawi amene mapepala ake okhalira kuno sanalongosoke amaganiza kawiri asanafunse bwana pepala la mtundu uliwonse.

Ine ndinafunsa, patapita sabata ziwiri chichitikire nkhani ya hita ija. Ndinafotokoza kuti timasiki toyera ta pepala timene tinkavala timagwira fumbi lokha, ndipo nthunzi imadutsa ngati madzi m'lichero. Chofunika ndi masiki ya labala yokhala ndi zosefera za makala, zija zili ndi mzere wa bulawuni ndi chilembo A, ndipo zosefera zimenezi zimadzaza, zimafuna kusinthidwa, komanso kusungidwa m'thumba lotseka chifukwa zimapitiriza kuyamwa nthunzi ngakhale zili pa msomali. Bwanayo anamvetsera, anadandaula za mtengo, ndipo anagula masiki atatu a anthu 7, n'kulola kuti tiboole khoma m'munsi kuti tiikepo fani, popeza kumeneko ndi kumene nthunzi imakhala. Timasinthana masikiwo malinga ndi amene akupopera tsikulo. Amalume amavala yawo ikakhala nthawi ya vanishi, koma pa guluu amakana, amati imawalepheretsa kumva ndi mphuno ngati guluuyo wafika pophatikiza. Mwezi wamawa ndawalonjeza kuwaperekeza kuchipatala kuti akawayeze makutu, ndipo avomera pokhapokha likhale Loweruka, kuti asadulidwe tsiku.